KUKONGOLETSA KHOMA NDI NSARU

M'mahotela ndi m'nyumba za anthu olemera ku maiko akunja, amisiri amamata nsaru yochindikala pa khoma lonse kuti chipinda chioneke bwino. Ife a ku Kasinje ndi midzi yonse ya m'chigwa cha Bwanje tingathe kukongoletsanso nyumba zathu popanda kuononga ndalama zambiri. Thonje timalima tokha, ndipo chitenje chakhala chikupangidwa m'dziko mwathu muno kuyambira 1967, pamene fakitale ya David Whitehead inatsegulidwa ku Blantyre. Mkeka wa mlaza ndi mphasa ya bango nazonso zimakoma pa khoma.

Koma kumbukirani mau a akulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno kumatentha, ndipo kuseri kwa nsaru ndiko kumabisala nsikidzi, mphemvu ndi nkhufi. Udzudzu wa malungo umakonda kupuma masana pa nsaru zolendewera m'malo amdima. Chifukwa chake musamate nsaru pa khoma la dothi. Ipachikeni kuti muzitha kuichotsa.

Chitani motere:

1. Tsekani ming'alu yonse ndi dothi, muzire khoma bwino, ndipo lilekeni liumitsitse. Mukatha kupeza laimu, pakani.

2. Pindani m'mphepete mwa nsaru chakumwamba, musoke, ndi kulowetsamo nsungwi yoongoka. Kolekani nsungwiyo pa misomali iwiri.

3. Siyani mpata wa zala ziwiri pakati pa nsaru ndi khoma kuti mphepo izipita. Nsaru isafike pansi, chifukwa chiswe ndi chinyezi zimayambira pansipo.

4. Sankhani khoma limodzi lokha, loyang'anana ndi khomo. Nsaru ya maluwa akuluakulu imaoneka bwino makoma enawo akakhala oyera. Mitundu ikachuluka m'chipinda chaching'ono, maso amatopa.

5. Nyali, kandulo ndi mbaula zikhale kutali. Moto ukagwira nsaru sukhalira kufika ku denga la udzu.

6. Kamodzi pa mlungu tsitsani nsaruyo, muikutumule ndi kuiyanika pa dzuwa. Ikada ichapeni. Azaumoyo akabwera kudzapopera mankhwala a udzudzu, ichotseni kuti mankhwala afike pa khoma.

Amai a m'magulu a chitukuko, phunzitsanani nchito imeneyi. Mlendo adzayamikira kukongola kwa nyumba yanu, ndipo ana anu adzagona osalumidwa.