Sarah Bernhardt, Mkazi wa Mau a Golidi

M'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya muli nyumba zocitiramo masewero. Anthu amalipira ndalama pakhomo nakhala pa mipando, ndipo kutsogolo kwao kuli nsanja pamene amuna ndi akazi amasewera nkhani zolembedwa kale. Wosewera ayenera kuloweza mau onse pamtima ndi kudzisandutsa munthu wina: lero mfumukazi, mawa wopemphapempha. Mwa akazi amene anagwira nchito imeneyi, wochuka koposa anali Sarah Bernhardt wa ku France.

Sarah anabadwa m'mzinda wa Paris m'caka ca 1844. Anakulira pa sukulu ya asisitere, ndipo anafuna kukhala sisitere iye mwini, koma a kwao anamtumiza kukaphunzira masewero. M'caka ca 1862 analowa m'Comédie-Française, nyumba ya masewero yomveka koposa m'dzikomo. Sanakhalitsemo ai. Tsiku lina mai wina wamkulu wa m'gululo anakankha mng'ono wace wa Sarah, ndipo Sarah anampanda mbama pamaso pa anthu. Pamene anamuuza kuti apepese, anakana, nacoka. Mtima wapacala umenewu sunamleke kufikira ukalamba.

Mbiri yace inayamba kumveka ali pa nyumba yina yochedwa Odéon. Tsono m'caka ca 1870 kunabuka nkhondo, ndipo Ajeremani anazinga Paris. Sarah anasandutsa nyumbayo cipatala, nasamala asilikari ovulala usana ndi usiku. Malasha atatha m'nyengo ya cisanu, anasonkhera moto mabenci kuti odwala afundidwe.

Cimene cinamchukitsa ndico liu lace. Victor Hugo, mlembi wamkulu wa ku France, analicha liu la golidi. M'caka ca 1880 Sarah anaoloka nyanja kunka ku America, ndipo pambuyo pace anafika ku Russia ndi ku Australia komwe. Kulikonse anali kusewera m'Cifalansa cokha, koma anthu osamva cinenero cimeneci analira misozi pomumva. M'caka ca 1899, ali ndi zaka 54, anasewera Hamlet, mnyamata wa m'sewero la Shakespeare.

Anali ndi makhalidwe odabwitsanso. M'nyumba mwace anaweta mwana wa mkango ndi ng'ona, ndipo anali ndi bokosi la maliro limene nthawi zina anali kugonamo. Zina mwa izi anacita dala, podziwa kuti zikalembedwa m'manyuzipepa, mipando idzadzala.

Tsoka linamgwera m'caka ca 1905 ku Rio de Janeiro. Pa mapeto a sewero la La Tosca, iye anayenera kudumpha kucokera pa linga lalitali, monga munthu wodzipha, ndi kugwera pa matiresi obisika kuseri. Usiku umenewo matiresi sanaikidwe pamalo pace, ndipo anagwa ndi bondo la kumanja. Zaka khumi anaseweraseweranso ndi ululu, kufikira m'caka ca 1915 pamene madokotala anamdula mwendowo. Anali ndi zaka 70.

Ambiri anayesa kuti nchito yace yathera pomwepo. Koma Sarah anakana mwendo wamtengo, napangitsa mpando wonga macila, wonyamula amuna awiri. Anasankha masewero amene anakhoza kucita ali cikhalire, cifukwa liu lija linali likalipo. Imeneyo inali nthawi ya Nkhondo Yaikulu Yoyamba, ndipo m'caka ca 1916 anamnyamula kunka naye kufupi ndi kumene anali kumenyanako, nakalankhula pamaso pa asilikari a dziko lace. Caka comweco anakweranso sitima ya pamadzi kunka ku America.

M'caka ca 1923 anali atafooka kotero kuti sanathe kuturuka. Anthu opanga kanema anabwera ndi makina ao, namjambulira m'nyumba mwace momwe. Kanemayo asanathe, Sarah anamwalira pa 26 March, ali ndi zaka 78. Khamu lalikulu la anthu linadzaza miseu ya Paris poperekeza maliro ace ku manda a Père Lachaise.

MAFUNSO

1. Sarah anacokeranji ku Comédie-Française?
2. Anagwira nchito yanji pa nkhondo ya 1870?
3. Fotokozani m'mene anavulalira bondo.
4. Pezani pa mapu malo awa: Paris, Rio de Janeiro, Australia.