ZA DZANZI LA M'MANJA

Abale, tonse tidziwa dzanzi limene ligwira dzanja munthu akaligonera. Limenelo litha msanga potambasula mkono. Koma liripo dzanzi lina logwira manja onse awiri, losacoka masabata kapena miyezi. Limeneli tisalipeputse, pakuti liri mthenga wa nthenda yobisika.

M'thupi mwathu muli timitsempha toyera tonga ulusi, tocokera ku ubongo, todzera m'kati mwa mafupa a khosi kufikira ku nsonga za zala. Nchito yace ndiyo kutidziwitsa kutentha, kuzizira ndi kuwawa. Timitsemphato tikapanikizika kapena kuonongeka, dzanja lileka kumva. Tiyeni tione zimene zicititsa ici.

1. Kupanikizika. Pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono mtsempha upita pa mpata wopapatiza. Pakatupa pamenepo, cala cacikulu, ca mkombaphala ndi capakati zicita dzanzi, makamaka usiku. Ici cigwera kawirikawiri akazi apakati. Mwa okalamba, mafupa a khosi nawonso akhoza kupanikiza mitsempha.

2. Nthenda ya shuga. Shuga akacuruka m'mwazi zaka zambiri, aononga mitsempha pang'onopang'ono, kuyambira ku mapazi, pambuyo pace manja.

3. Cakudya coperewera. Mitsempha ifuna vitamini B12, wopezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Kacasu ndi mowa wambiri ziionjeza bvutoli, popeza zilanda thupi zakudya zace.

4. Kacirombo ka HIV, ndiponso isoniazid, mankhwala a cifuwa cacikuru. Cifukwa cace ku cipatala apereka vitamini B6 pamodzi ndi mankhwalawo. Wodwala asaleke kumwa mwa iye yekha, koma auze dokotala.

5. Khate. Kacirombo kace, kamene Gerhard Hansen anakaona ku Bergen m'caka ca 1873, kakonda mtsempha wa pa cigongono, ndipo cala cacing'ono ciyamba kufa. Pakhungu paoneka mawanga otuwa osamva kukhudza. Kuyambira 1981 alipo mankhwala ophatikiza amene aciza khate m'miyezi 6 kapena 12.

Tsono ngozi iri pati? Kuwawa ndiko mlonda wa thupi. Dzanja losamva ligwira mphika wamoto osadziwa, mpini wa khasu ulitupitsa matuza, cironda cibvunda, ndipo potsiriza zala ziduka. Mtsempha ukathandizidwa msanga ukhoza kutsitsimuka, koma ukafa ndithu subwerera.

Cotero tipempha inu nonse: dzanzi likakhalitsa, musataye masiku ndi kutema mphini kapena kuganizira anansi za ufiti. Pitani ku cipatala, akayese mwazi ndi kuona khungu. Podikira kucira, gwirani miphika ndi nsaru, ndipo yang'anani manja anu madzulo onse ngati pali bala. Koma dzanzi likadza modzidzimutsa, mkono nulefuka, pakamwa napotoka, kapena mau nabvuta kuturuka, munyamuleni wodwalayo nthawi yomweyo osadikira mawa.