Njere ya duwa ndi yamoyo, osaitsekera m'jumbo ili yaiwisi

Chaka chatha mwezi wa Meyi ndinalakwitsa kwambiri. Mvula itasiya, maluwa a marigold amene ndinabzala kuseri kwa nyumba kwathu ku Lizulu anayamba kufota. Ndinathyola mitu yake m'mamawa mame asanaume, n'kuiika m'jumbo, kumanga pakamwa, kukankhira pansi pa bedi. Nditamasula mu Novembala ndinapeza chuku chokhachokha. Ndinafesa njere 20, koma sinamere ngakhale imodzi. Agogo anangoti, "Mwana iwe, mbewu satsekera ili yaiwisi." Ananena zoona, ndipo lero tione chifukwa chake.

Choyamba, duwa likamafota nyengo ino sikuti ladwala ayi. Marigold, zinnia, cosmos ndi mpendadzuwa ndi zomera za nyengo imodzi. Njuchi zikasamutsa mungu, chomeracho chimatumiza chakudya kuchoka m'masamba kupita ku njere, masamba n'kuchita chikasu, kenako n'kuuma. Tsegulani mutu umodzi wouma wa marigold muone. Chimene timati duwa limodzi ndi timaluwa tambirimbiri tothithikana, ndipo kalikonse kamabereka njere imodzi, yakuda, yowonda ngati kamtengo ka machesi.

Chachiwiri, njereyo ndi yamoyo. Mkati mwake muli kachomera kakang'ono kogona pamodzi ndi kamba wake. Mukukumbukira respiration ya mu Biology? Shuga amaphwanyidwa mothandizidwa ndi oxygen, n'kutuluka mphamvu, madzi ndi carbon dioxide. Njere ikauma bwino, zimenezi zimachitika pang'onopang'ono kwambiri, moti kamba uja amakhalitsa. Ikakhala yachinyezi imapuma mofulumira, kudya kamba wake, n'kumatulutsa madzi ndi kutentha. M'jumbo yanga ija chinyezicho chinalibe potulukira, ndiye chuku chinapeza pabwino.

Katswiri wina wa ku America, James Harrington, anapeza lamulo losavuta: chinyezi cha m'njere chikatsika ndi 1 peresenti, nthawi imene njereyo ingakhale ndi moyo imawirikiza kawiri, ndipo kutentha kukatsika ndi madigiri pafupifupi 5 imawirikizanso kawiri. N'chifukwa chake malo osungira mbewu, monga a ku Chitedze ku Lilongwe, amayamba aumitsa mbewu kenako n'kuziika pozizira. Ku Svalbard, ku Norway, nkhokwe ya mbewu imene inatsegulidwa mu 2008 imasunga mbewu pa madigiri 18 pansi pa ziro. Ife a ku Lizulu ndi Tsangano kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumatithandiza, koma anzathu a kuchigwa cha Bwanje, kumene kumatentha, asankhe malo ozizirirapo m'nyumba.

Chaka chino ndachita chonchi. Ndadikira kuti mitu iume ili pamtengo pomwepo, mpaka kumalira tswatswa ukaifinya. Ndathyola masana, osati m'mamawa. Ndafikisa njere, kuuluza zinyalala, n'kuziyanika pa lichero pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata awiri. Pofuna kutsimikiza, ndabwereka njira imene alangizi amaphunzitsa pa chimanga: kuika njere m'botolo lagalasi louma pamodzi ndi mchere wouma, n'kukhutchumula. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, ndiye kuti njere zikadali ndi chinyezi, yanikaninso. Zitauma ndaziika mu envulopu, kulembapo dzina ndi tsiku, n'kuika envulopuyo m'botolo lotseka bwino.

Mwina mukuti, nanga botolo ndi jumbo zikusiyana pati? Kusiyana kuli pa zimene mwatsekeramo. Mukatsekera njere yaiwisi mwatsekera chinyezi mkati. Mukatsekera youma mwatsekera chinyezi kunja.

Nayi ntchito yanu. Tengani njere 40 za mtundu umodzi. Theka muziumitse bwino, theka linalo muzitsekere m'jumbo tsiku lomwe mwathyola. Mu Okutobala yalani gulu lililonse pa kansalu kake konyowa, muzikawaza madzi tsiku ndi tsiku, ndipo pakatha masiku 10 muwerenge zimene zamera. Zikamera 15 mwa 20, ndiye 75 peresenti. Lembani zotsatira za magulu onse awiri mukaonetse aphunzitsi a Agriculture. Za ine zili m'botolo pawindo la kumthunzi, ndipo agogo aziona kale, avomereza.