Kodi chambiko chingachepetse kunenepa?

Chambiko, mkaka wowawasa uja timadyera nsima kuno ku Ntcheu, chili ndi mabakiteriya amoyo, monga Lactobacillus. Iwowa ndi amene amasandutsa shuga wa mumkaka kukhala asidi, n'chifukwa chake umawawasa.

Mu 2013, gulu la Jeffrey Gordon ku America linatenga mabakiteriya a m'matumbo mwa mapasa, wina wonenepa, wina wochepa thupi, n'kuwaika m'mbewa za mu labu. Mbewa zomwe zinalandira mabakiteriya a wonenepayo zinachuluka mafuta, chonsecho chakudya chinali chimodzimodzi.

Komatu inu si mbewa. Akayesa ma probiotic pa anthu, sikelo imatsika pang'ono zedi. Ine ndimati imwani chambiko, n'chabwino, koma mukathiramo masupuni atatu a shuga, mabakiteriyawo sangakuwomboleni.