Phunziro la Mwezi Uno: Ngongole Isatilande Ana

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:1-7

Tawerenga za mayi wamasiye amene mwamuna wake adamusiyira ngongole. Mwini ngongoleyo adafuna kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Mneneri Elisa adayamba wamufunsa chimene chidatsala m'nyumba, ndipo mudali timafuta pang'ono chabe. Kenaka adamutuma kukabwereka mbiya zopanda kanthu kwa anansi. Mafuta atachuluka mayiyo adagulitsa, adabweza ngongole, ndipo ana adakhalabe pakhomo.

Zimene tikuona m'midzi mwathu

Midzi ya ku Phalombe ndi Mulanje ikuidziwa nkhaniyi. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy adakokolola nyumba, minda ndi anthu. M'mwezi wa November chaka chomwecho kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo feteleza adakwera mtengo. Mu 2024 kudagwanso ng'amba.

Pakhomo pakasowa chakudya mu January ndi February, makolo amathamangira ganyu m'minda ya eni, munda wawo n'kumera tchire. Zokolola zimachepa, ndipo njala ya chaka chamawa imakhala yayamba kale. Ena amatenga katapila, ndipo pofuna kubweza amagulitsa chimanga pamtengo wolira atangokolola, n'kudzachigulanso modula m'miyezi ya njala. Mapeto ake amene amalipira ndi ana. Mnyamata amasiya sukulu kukaweta ng'ombe za eni, mtsikana amatumizidwa kutauni kukagwira ntchito ya m'nyumba kapena amakwatiwitsidwa. Tikumbukire kuti kuyambira mu 2017 malamulo oyendetsera dziko lino salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18.

Tili ndi chiyani m'nyumba?

Funso la Elisa ndi lathunso. Mwina tili ndi nkhuku ziwiri, kadimba, kapena mbewu ya nandolo. Nandolo amapirira ng'amba, amabwezera chonde m'nthaka, ndi ndiwo komanso amagulitsika. Mbatata ndi chinangwa zimatigwira dzanja chimanga chikakanika. Manyowa a kompositi safuna ndalama, amafuna manja. Bambo ndi mayi akhale pansi limodzi nthawi yokolola, agwirizane matumba oti asakhudzidwe ndi mbewu yoti isadyedwe.

Mbiya za anansi

Mayi uja akadakhala wosayenda ndi anzake, mafuta akadasowa pothira. Mbiya zathu lero ndi banki mkhonde, mmene timaponya masheya sabata ndi sabata, kukongozana, ndi kugawana chaka chikatha. Thumba la zadzidzidzi limathandiza pa matenda ndi maliro. Koma tichenjere: ngongole ya m'banki mkhonde ikhale ya geni kapena ulimi, ndipo tisakongole kuno kuti tikabweze uko. Tithandizenso agogo olera ana amasiye kufunsa kwa amfumu ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu za Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma imene idayambira ku Mchinji mu 2006.

Mary Sumner adayambitsa Mothers' Union mu 1876 posonkhanitsa amayi a m'parishi yake kuti azithandizana kulera ana. Cholinga chathu chachisanu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana

1. Ndi ana angati m'mudzi mwathu amene asiya sukulu chaka chino? Adzayendera makolo awo ndani?
2. Kodi nthambi yathu ingalimire ndani sabata ino, kuti asasiye munda wake chifukwa cha ganyu?
3. Nanga mnzathu akalephera kubweza ngongole, timamuthandiza kapena timamulanda ziwiya?

Pemphero

Mulungu Atate, inu amene mumasamala amasiye, dalitsani zochepa zimene tili nazo. Tipatseni mtima wobwerekana mbiya, ndipo sungani ana athu pakhomo ndi pasukulu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.