Mpasi: Njuci za Pansi

Mau atsopano: mpasi, mbola, mungu, utomoni, phula

Werengani

Kodi mudziwa kuti pali njuci zina zimene sizikhala m'mitengo? Njuci izi zichedwa mpasi. Zimamanga nyumba yao pansi pa nthaka, ndipo zina zimakhala mkati mwa culu. Mukhoza kuzipeza m'chire la m'mapiri ozungulira tauni yathu ya Kafue.

Mpasi ndi zazing'ono kuposa njuci za mumng'oma. Ziri ndi miyendo 6 ndi mapiko 4. Zilibe mbola yolasira munthu. Mdani akafika, zimangomuluma ndi pakamwa.

Khomo la nyumba yao ndi kabowo kakang'ono. Zimakamata ndi phula ndi utomoni wa mitengo. Pakhomopo pamakhala alonda oletsa nyerere kulowa.

M'nyumbamo muli mfumukazi. Nchito yake ndi kuikira mazira. Mpasi zina zimalera ana. Zina zimauluka kukatenga timadzi totsekemera ndi mungu m'maluwa. Uci wao zimasunga m'timiphika ta phula. Uciwo ndi wocepa, wamadzimadzi, ndipo umawawasa pang'ono.

Mpasi zimatithandiza kwambiri. Pouluka, zimanyamula mungu kucokera pa duwa lina kupita pa duwa lina. Cifukwa ca ici, mitengo ya mango ndi mitengo ina ya zipatso imabala bwino.

Koma mpasi ziri pa vuto. Munthu akakumba nyumba yao kuti adye uci, ana a mpasi amafa. Moto wa m'chire umapsereza maluwa. Anthu akadula mitengo yambiri kuti aoche malasha, mpasi zimasowa cakudya. Mankhwala opopera m'madimba nao amazipha.

Mukaona kabowo ka mpasi, musakumbe ai. Musatsekepo ndi mwala. Khalani phee, muzione zikulowa ndi kutuluka.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi mpasi zimamanga kuti nyumba yao?
2. Nanga alonda amagwira nchito yanji?
3. Mpasi zimasunga uci m'ciani?
4. Chulani zinthu ziwiri zimene zimavutitsa mpasi.
5. Mnzanu afuna kukumba nyumba ya mpasi. Mudzamuuza ciani?

Nchito

Jambulani mpasi iri pa duwa. Lembani ciganizo cimodzi pansi pa cithunzi canu. Kunyumba, funsani ambuya kapena agogo dzina la njuci izi m'cilankhulo cao. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.