Agogo anatsalira ku Burma

FUNSO: Bambo Mlangizi, agogo athu anapita kunkhondo ku Burma ndipo sanabwereko. Ena amati anafera komweko, ena amati anakwatirako. Ife adzukulu mtima suli m'malo. Tingadziwe bwanji zoona? Ndine mdzukulu wawo, ku Namitambo.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Njira ya ku Asia inapondedwa kale ndi makolo athu: ena anaolotsedwa nyanja muukapolo, monga makolo a Asiddi a ku India, ndipo James Chuma, amene anakhalako ku Magomero m'boma lanu lomweli, anatengedwa ndi Livingstone kunka ku Bombay mu 1864. Koma agogo anu, ngati anafikadi ku Burma, ayenera kuti anali mwa asilikali a King's African Rifles amene, atadzera ku Ceylon, anathira nkhondo Ajapani m'chigwa cha Kabaw mu 1944, kumene mvula ndi malungo zinasautsa anthu koopsa.

Tsono chitani izi. Choyamba, funsani akuluakulu a pabanja dzina limene agogowo analembetsa, mudzi ndi mfumu yawo, popeza ambiri ankalembedwa maina ena. Chachiwiri, funafunani mendulo kapena kalata yokhala ndi nambala yawo ya usilikali. Chachitatu, fufuzani pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, momwe muli maina a omwalira pankhondoyo.

Dzinalo likapanda kupezeka, musataye mtima. Pitani ku National Archives ku Zomba, mukapemphe thandizo.